Mvunguti Umene Tinakwirira

Tsiku limene tinaika maliro a amuna anga, a Fanuel, m'mphasa munalibe munthu. Munali mvunguti.

A Fanuel anali msodzi. Chaka chimenecho ine ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo inali nyengo ya mwera. Anapita panyanja ndi mnzawo wina, mphepo n'kuwapeza ali kutali. Bwato linapezeka litagadabuzika. Mnzawo uja madzi anakamulavula cha ku Maganga, koma a Fanuel ayi. Amuna anafufuza m'gombe monse ndi m'mabango mpaka anatopa.

Kubanja la amuna angawo, munthu akapita ndi madzi osapezeka, samangomusiya. Amati mzimu wake usowa pogona, uzingoyendayenda m'makomo. Ndiye amathyola chipatso cha mvunguti, chachitali chija cholendewera ngati munsi, amachisambitsa, amachikulunga, amachilira, n'kukachiika kumanda m'dzina la wosowayo. Amene anayendetsa zimenezi ndi a Samueli, atsibweni awo a amuna angawo, munthu wosoka maukonde, wokonda nthabwala koma wamantha kuposa mbuzi.

Wosambitsa ndinali ine. Mvungutiwo unali wolemera ngati khanda lonenepa, wozizira, khungu lake lotuwa ndi lokhakhala. Ndinaukulunga m'chitenje changa chobiriwira chimene a Fanuel anandigulira ku Salima. Ndinaulira zenizeni, sindinganame, mpaka mawu anatha.

Nthaka inali youma gwa. Adzukulu okumba manda anati, "Nanga mvunguti womwewu tithyokere misana?" Anakumba kadzenje kongolekeza m'mawondo, n'kukwirira.

Mvula yachiwiri itagwa, pamtumbira paja panamera kamtengo. Masamba ake aliyense anawadziwa. Ena anati anyani ndi amene anataya njere, ena anangogwira pakamwa. A Samueli anati, "Kasiyeni. Chomera kumanda sazula." Ine kuyambira pamenepo njira ya kumanda ndinkailambalala.

Mwana anabadwa wamkazi, ndinamutcha Mercy. Ankakula, mtengonso unkakula. Amuna ofuna banja ankabwera ndithu, koma akangomva za mtengowo, mawa lake osaonekanso. Ndinkadzidyetsa ndi geni ya nsomba, pamodzi ndi mnzanga woyandikana naye nyumba, Kulusumu. Iye ndi Msilamu, ine wa tchalitchi, koma chisakasa chowambira nsomba tinali nacho chimodzi, ndipo ku msika wa ku Salima tinkakhala mogundizana mabeseni.

Kenako anabwera matipate. Tinavota, boma linasintha. Anthu amene tinkaopa ngakhale kutchula mayina awo anayamba kumangotulukira pa depoti ndi tizikwama tawo, ena kuchokera kundende, ena kunja. Ine zimenezo ndinkangozimva ngati za eni ake. Wanga sanatengedwe ndi boma, anatengedwa ndi madzi.

Inali nyengo ya mvula, mango atapsa, udzudzu uli mbwee. M'mawa wina tinkawamba utaka m'chisakasa, ine ndi Kulusumu. Iye anali atavala chitenje cha chipani chake, ine n'kumamuseka kuti anamupatsa nsalu yokha, shuga anadya okha akuluakulu.

"Inu chipani chanu chinakupatsani chiyani, chemwali?" anatero Kulusumu. "Ngakhale kansalu komangira mutu?"

Anafuna kupitiriza koma anangoti zii. Maso ake anali kumbuyo kwanga.

"Chemwali, musatembenuke msanga."

Ndinatembenuka. Panjira panaima bambo wowonda, atanyamula jumbo, malaya ong'ambika paphewa. Khutu limodzi linali loduka nsonga. Mano a kutsogolo kunalibe.

"Nambewe," anatero.

Limeneli ndi dzina la mfunda wanga. Ambiri amandiitana choncho, koma mokoka mawu kumapeto chonchija anali munthu mmodzi yekha. Ndinakhala pansi paphulusa, mkodzo n'kutuluka wokha.

"Asitagafirullah," Kulusumu ankangobwereza, atandigwira paphewa. Kenako analoza pansi. "Taonani, chemwali, akusiya mapazi m'matope. Chithunzithunzi chiliponso. Mzukwa umasiya mapazi?"

Ine zimene mzukwa umasiya kapena susiya ndikanazidziwira kuti?

Anthu anadzaza posachedwa, koma onse anaima patali. A Fanuel anakhala pachitsa n'kufotokoza. Bwato litagadabuzika anakakamira chigubu, mphepo n'kuwakankhira kutsidya, dziko la eni kumene kunali nkhondo. Kumeneko anagwidwa ndi anthu a mfuti, n'kumawasenzetsa katundu m'tchire zaka ndi zaka. Nkhondo itatha anaopa kubwera, chifukwa nthawi ijayi munthu wochokera kutsidya ankangomutcha chigawenga. Atamva kuti kuno zinthu zasintha ndi pamene anayamba ulendo.

A Samueli anafika akuthamanga, singano yosokera ukonde idakali m'manja. Atawaona anaima, n'kukhala pansi pomwepo, patali ndithu.

"Mphwanga, ndiwedi?"

"Ndine, atsibweni. Bwerani mundigwire."

"Ayi, ndikukuona bwinobwino ndili konkuno."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba.

A Samueli anapukuta thukuta n'kunena za mwambo. Munthu amene analiridwa ndi kuikidwa, akabwera, salowa pakhomo la nyumba, sagwirana chanza ndi munthu, sadyera mbale imodzi ndi amoyo. Ayambe wapita kumanda, afukule yekha mvunguti wake, atuluke nawo m'manja, akauponye m'nyanja. Akatero ndiye kuti dzenje lamumasula.

A Fanuel anapukusa mutu. "Atsibweni, ine kutsidya ndakumba maenje a anthu enieni, ena anzanga, ena ana. Ndinalumbira kuti khasu la manda sindidzaligwiranso. Dziko lasintha ili, anthu akulankhula zakukhosi, inu mudakali pa mvunguti?"

"Akumanda sanavote nawo, mphwanga," anatero a Samueli.

Anakana ndithu. Koma pakhomo sanakakamire kulowa, chifukwa anaona mantha anga. Anayala thumba m'chisakasa chowambira nsomba muja n'kumagona momwemo. Chakudya ndinkawaikira m'mbale yawoyawo, n'kukaisiya pamwala, iwo n'kudzatenga ine nditabwerera. Kudyetsa mwamuna wako ngati galu wolusa. Zinkandipweteka, koma ndikawayang'ana ndinkakumbukira kuzizira kwa chinthu chija ndinasambitsa. Kale ankanditchula kuti iwe. Tsopano ankati inu, ngati mlendo wopempha madzi.

Mercy ndiye analibe mantha ngati anga. Moyo wake wonse ankauzidwa kuti bambo ake ali pansi pa mtengo uja, ndiye lero bambo ake ali m'chisakasa, akusema kabwato kachidole. Ankawasuzumira pangodya ya nyumba. Ndinamuletsa, ndinamukalipira, koma ine sindikanakhala pakhomo tsiku lonse, nsomba zikanaola.

Tsiku lina pobwera kumsika ndinawapeza atakhala limodzi pachitsa. A Fanuel ankadula mango ndi mpeni, chidutswa china iwo, china mwana. Madzi a mango ali chuchuchu m'zigongono za onse awiri. Ndinataya beseni, n'kumenya dzanja la Mercy mpaka chidutswacho chinagwa mumchenga.

"Lavula! Lavula msanga!"

Mercy analira. A Fanuel anapinda mpeni wawo pang'onopang'ono.

"Nambewe, ndi mwana wanga uyu. Mango okha."

Sipanapite masiku ambiri, Mercy anayamba kutentha thupi. Ndinagula mapiritsi pa kantini, anamwa, osasintha. Ndinamufunditsa nsalu yonyowa, osasintha. Pamjigo amayi akandiona ankasiya nkhani, koma mmodzi wachikulire anandiuza m'maso muli gwa.

"Dzenje lija munalinamiza, mayi a Mercy. Lakhala likudikira mwini wake zaka zonsezi. Mwini wake wabwera, akukana kupitako. Ndiye likuitana magazi ake. Kudya naye limodzi kuja, mwanayo analowa pamzere."

Ndinasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera. Nditalowa m'nyumba ndinapeza Mercy akukankha chinthu pachifuwa pake, chonsecho panalibe kanthu.

"Amayi, chichotseni. Chikulemera."

"Chiyani mwanangu?"

"Chozizirachi. Chili m'nsalu yobiriwira."

Mtundu wa chitenje chija ine sindinamuuzepo. Mwina anamva kwa anthu, pamudzi sipabisika kanthu. Mwina. Koma ine ndinatuluka panja kukasanza.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera, Mercy anayamba kuphupha. Maso anatembenuka, kunangotsala koyera, mano atalumana, thovu kukamwa. Ndinakuwa. Kulusumu anafika woyamba, kenako a Samueli. A Fanuel anaima pakhomo penipeni, zala za kumapazi zili pamzere wa chitseko, osaudumpha.

"Awa ndi malungo aakulu," anatero Kulusumu. "Tiyeni kuchipatala pompano. Mwana wa achimwene anga anachita chomwechi."

"Mukamuchotsa pano dzenje lisanamasule, akathera panjira," anatero a Samueli. Sankaopseza ayi, nawonso ankalira.

"Ndiye afere pamphasa pano tikumuyang'ana? Ife kwathu munthu akasowa m'madzi timamupempherera swala basi, nkhani yatha. Inu munakwirira chipatso, lero mukufuna mukwirirenso mwana?"

Onse anayang'ana ine. Ndikamutenga, afera panjira. Ndikamusiya, afera pano. Ndinangogwira phazi la mwana wanga, linali lotentha ngati mwala wa pamoto.

Amene analankhula ndi a Fanuel.

"Atsibweni, kaitaneni adzukulu. Ndikakumba. Inu Nambewe, mutengeni mwanayo, thamangani naye. Zonse ziwiri zichitike nthawi imodzi."

Ndinadzuka kuti ndimubereke Mercy, koma a Samueli ananditsekereza ndi dzanja.

"Inu apongozi simungapite. Munakulunga ndinu. Pofukula pamafunika mwini nsalu aizindikire, apo ayi ntchito yonse yapita pachabe."

Kulusumu sanadikire kuti tikangane. Anamubereka Mercy kumbuyo, mtsikana wamkulu kale miyendo ikulendewera, n'kumumanga ndi chitenje cha chipani chija. Amuna ake, a Sulaiman, anali atatulutsa kale njinga. Kulusumu anakhala pakaliyala n'kundiyang'ana.

"Inu kakumbeni zipatso zanuzo, chemwali. Ine ndimuchitira duwa, ndimupempherera njira yonse. Mukatipeza kuchipatala ku boma."

Ndinayang'ana timapazi ta Mercy tikugwedezeka mpaka njinga inakhota pa chigayo. Ndinkadziwa kuti mwina ndi komaliza kumuona akupuma.

Kumanda ndinali ndisanapiteko chiikire mvunguti uja. Mtengo unali utatalika kupitirira denga la tchalitchi chathu. M'nthambi munkalendewera zipatso zingapo pazingwe zake zazitali, zotuwa, zonenepa, zosagwedezeka ngakhale pang'ono.

"Chaka chino n'koyamba kubereka," anatero mdzukulu wina, osandiyang'ana.

Adzukulu analambula udzu, koma kukumba anakana, anati mwini nyumba atsegule yekha. Paja adzukulu saleka nthabwala ngakhale pamaliro. Wina popereka khasu, analiponya pansi kuti manja asakhudzane, n'kunena kuti, "Alamu, mwabwera kudzayendera nyumba yanu? Pepani tinakumangirani yaing'ono, simenti inali itakwera."

Palibe anaseka. A Fanuel anavula malaya. Msana wawo unali ndi zipsera zopingasa ngati mphasa. Anatola khasu, analiyang'ana kanthawi, n'kuyamba kukumba m'mbali mwa tsinde.

Dothi linali lofewa ndi mvula. Posakhalitsa dzenje linafika m'mawondo. Munali mizu yokhayokha, yopiringizana, ndi dothi lakuda.

"Ndi pomwepo," anatero a Samueli. "Tinalekeza pamenepo."

A Fanuel anagwada n'kumapapasa ndi manja. Anatulutsa kanthu kakang'ono kokulungika kumuzu, n'kukaika pakhasu, n'kundilozetsa. Kanali kampendero ka nsalu, kowola, koma ulusi wake unkaoneka ndithu.

"Ndi changa," ndinatero. "Chitenje changa."

"Nanga mvunguti?" anafunsa mdzukulu wamkulu.

Panalibe. Ngakhale chikhokho chake. A Fanuel anapapasa uku ndi uku, anafukula pansi pa mizu, panalibe.

"Atsibweni, nsalu yapezeka. Sizikwanira?"

A Samueli anakanda m'mutu. "Mwambo umati mvunguti. Utuluke nawo m'manja."

"Nanga ukawola? Zaka zonsezi?"

"Sindikudziwa, mphwanga. Ine chibadwire sindinaonepo wobwerako. Mwambowu ndinangoumva kwa akuluakulu, za kuwola sananene."

Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira kwenikweni. Munthu amene tinkamudalira kuti akudziwa njira, nayenso anali mumdima ngati ife. Ndipo mwana wanga anali penapake pamsewu, pamsana pa Kulusumu.

"Mwina unatitimira," anatero a Fanuel, n'kutolanso khasu.

Anakumba. Dzenje linafika m'chiuno. A Samueli anati, "Mphwanga, sitinafike kumeneko, leka." Sanamve. Ankakumba ngati munthu wozolowera, makona anayi oongoka bwino, dothi akuponya mbali imodzi. Linafika pamimba. Linafika pachifuwa. Thukuta ndi dothi zinawamata thupi lonse mpaka anasanduka otuwa.

Kumbuyo kwanga amuna anayamba kunong'onezana. Ndinamva mawu a mmodzi bwinobwino.

"Tinaika mvunguti, mvunguti mulibe. Ndiye unapita kuti? Kapena wokumbayu ndi womwewo, unadzuka n'kuvala nkhope?"

"Taonani khungulo," anatero wina.

Ndinayang'ana, Mulungu andikhululukire, inenso ndinayang'ana. Khungu lotuwa, lokhakhala. Chibwerere sindinawakhudzepo, sindinkadziwa ngati ndi ofunda kapena ozizira. Ndinaona mdzukulu wina akugulula khasu kuti atsale ndi mpini wokha. Wina anawerama n'kutola mwala. Sankabisa n'komwe.

A Fanuel anaziona. Anaimirira m'dzenjemo, mutu ndi mapewa zokha zikuoneka, n'kuyang'ana amuna aja mmodzimmodzi. Kenako anayang'ana ine.

"Nambewe, inunso?"

Sindinathe kunena ee kapena ayi.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho. "Ndipatseni nkhwangwa. Watsala muzu waukuluwu, mwina uli pansi pake." Mdzukulu wina anaiponya m'dzenje, a Fanuel n'kuitola. Asanayambe kudula analankhula, osati kwa ife, koma kwa dzenjelo, ngati akulankhula ndi wokhometsa msonkho. "Ngati ukufuna munthu, ndili muno. Mwana uja umusiye, sanakulakwire."

Anatema muzu. Mtengo wonse unagwedezeka, chifukwa mbali imodzi unali utatsala pamwamba. Anatemanso. Ndinaona zipatso zija zikuyamba kuvina pazingwe zake. Atatema kachitatu, chimodzi chachikulu chinathothoka.

Chinawagwera pambali pa mutu, pamwamba pa khutu loduka lija. Phokoso lake linali ngati munsi mumtondo wopanda kanthu. A Fanuel anasowa m'maso mwathu, anagwera pansi m'dzenje.

Palibe anasuntha.

Kenako tinamva kubuula. Dzanja linagwira m'mphepete mwa dzenje, mutu n'kutulukira. Magazi ankayenderera kuchokera mutsitsi, kudutsa patsaya, kutsikira pachifuwa, ofiira piriwiri pamwamba pa dothi lotuwa lija.

"Magazi!" anakuwa mdzukulu wa nthabwala uja. "Anthuni, magazi! Mvunguti umatuluka magazi?"

Wa mwala uja anautaya mwakachetechete. A Fanuel anawerama, n'kudzuka atanyamula chipatso chija ndi manja awiri ngati khanda.

"Atsibweni, uwu si mwana wa womwe uja? Sukwanira?"

A Samueli misozi inali mbwembwembwe. "Ndi womwewo, mphwanga. Wabwera wokha. Tuluka, tuluka msanga."

Anagwada n'kupereka dzanja lawo, munthu wamantha uja, n'kuwakoka. Ine ndinavula mpango wa kumutu n'kuwamanga pabalapo. Kanali koyamba kuwakhudza. Anali ofunda. Magazi awo anali ofunda m'manja mwanga, ndipo ndinalira mokweza ngati tsiku la maliro lija.

Adzukulu anakwirira dzenje msangamsanga. Ife tinatsikira kunyanja dzuwa lili pamutu. A Fanuel analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kuponya mvunguti uja. Mafunde anaubweza, unadzagunda pamiyendo pawo. Anaseka n'kuuponyanso patali. A Samueli anayang'ana kumbali, ndipo sitinadikire kuti tione ngati ubwerenso.

"Tsopano kalowe m'nyumba mwako," anatero a Samueli.

"Nyumba sithawa. Ndiyambe ndaona mwana."

Tinabwereka njinga, anapalasa okha, ine pakaliyala nditagwira m'chiuno mwawo. Njira yonse ndinkayang'ana kutsogolo, kuopa kukumana ndi a Sulaiman akubwerera akukankha njinga, mmene amachitira anthu akanyamula uthenga woipa. Munthu aliyense wotulukira pakona, ndinkayesa ndi iwowo. A Fanuel ankangoti, "Gwira bwino, iwe Nambewe." Anali atabwerera ku iwe.

Kuchipatala tinapeza Kulusumu atakhala pansi m'mbali mwa bedi, akuwerenga mikanda yake ya mapemphero. Mercy anali chigonere, botolo la madzi likulendewera, paipi ili padzanja. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika.

"Alhamdulillah, wasiya kuphupha," anatero Kulusumu. "Anamubaya jekeseni titangofika. Akuti ndi malungo, ndinanena ine. Nanga chipatso chanu mwachipeza?" Kenako anaona mpango wamagazi uja. "Iii, bambo a Mercy, mutuwo bwanji? Pitani akakuoneni, muli pachipatala kale."

"Kabala aka? Mayi, ine ndamenyedwapo ndi matako a mfuti. Aka n'kodzikanda."

Tinawaumiriza, anakana. Anakhala pambali pa bedi atagwira dzanja la mwana. Chakumadzulo Mercy anatsegula maso. Anayang'ana ine, anayang'ana iwo, n'kunena motsitsa kuti, "Ababa, kabwato kaja mwamaliza?" Ndinamufunsa ngati chija chikumulemerabe pachifuwa. Anati, "Chiti?"

A Fanuel anaseka mpaka usinini wonse kuoneka. Atatero anagwira mutu, anati ukuwawa pang'ono, atuluke akapitidwe mphepo. Ndinawatsatira. Panja anasanza. Anati ndi njala ndi dzuwa, palibe china. Ndinawayalira chitenje pakhonde la chipatala, pamene pamagona odikirira odwala, iwo n'kugona chammbali.

"Ndingotsinzina pang'ono," anatero. "Mwana akatuluka tipite limodzi. Ndikalowere pakhomo ngati munthu, iwe ukandiikire madzi osamba."

Ndinabwerera kwa Mercy kukamumwetsa phala. Nditatulukanso ndinapeza akuliza mkonono wachilendo, wokoka. Ndinawagwedeza, osadzuka. Ndinakuwa, anamwino anabwera, anawanyamula. Anayesetsa ndithu, sindingawanenere zoipa. Adokotala anati magazi anakhala akutsikira mkati mwa mutu chigwere chipatso chija, ndipo munthu amatha kuyenda ndi kuseka maola angapo asanagwe. Mawa lake dzuwa likutuluka anali atapita.

Pakhomo paja analowadi, koma atanyamulidwa.

Adzukulu sanavutike, anabwerera padzenje lomwe lija. Dothi linali lisanagwirane, ankangolichotsa ndi mafosholo. Anafika pamene a Fanuel analekezera n'kupeza kuti m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake zonse zinali zokwanira munthu wamkulu, makona oongoka bwino. Sanawonjezere ngakhale khasu limodzi. Tsiku limenelo mdzukulu wa nthabwala uja sanatsegule pakamwa.

Mercy anachira. Kulusumu amati ndi jekeseni ndi chifuniro cha Allah, ndipo tsiku la a Fanuel linali litalembedwa kale. Abusa anati tisamaope mitengo. A Samueli sananene chilichonse, koma chaka chotsatira mnyamata wina wa kubanja lomwelo atamira osapezeka, anthu anapita kwa iwo kuti akathyole mvunguti. Anakana. Anati afune wina, iwo manja awo ndi osokera maukonde basi.

Mtengo uja sunafe, ngakhale anaudula muzu. Unapendekeka pang'ono, ndipo ukubereka kwambiri chaka ndi chaka. Kabwato kachidole kaja kali pawindo, mbali imodzi kosasema. Mercy ndinamuuza kuti ngakhale pamaliro a ndani, asadzaime pansi pa mtengo umenewo, ndipo amamvera. Koma akangotentha thupi pang'ono, ine ndimathamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo pobwera ndimapatukira kwa adzukulu kukafunsa ngati mtumbira wa a Fanuel uli bwinobwino, ngati sunang'ambike penapake.